Nsalu Yachiwiri ya pa Bwalo la Rivirivi

Chaka chimene boma linalambula bwalo la ndege m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, Blasius Makwinja anali atangobwerako kunkhondo ya ku Abisiniya. Anapita ndi gulu la asilikali a Keyala ali mnyamata waliwiro ngati gwape, koma anabwera akukoka mwendo wakumanzere, umene chipolopolo chinaswa pabondo. Kwawo kwa Nsamala anamulandira ndi nthungululu, koma nthungululu sizilima munda. Akagwira khasu ankagonja asanamalize mizere itatu. Choncho atamva kuti azungu a ndege akufuna munthu wodziwa mwambo wa usilikali woti azisunga bwalolo, anavala jekete lake lankhondo napita kukaima pamzere. Anasankha iyeyo, chifukwa ankadziwa kuwerenga pang'ono, komanso kuima njo wamkulu akamayankhula.

Bwalolo silinali loti ndege zizitera tsiku ndi tsiku. Ndege zankhondo zinkachokera ku Halale kupita ku Kenya ndi kupitirira, ndipo akuluakulu anaona kuti panjira pakhale malo othawirako injini ikayamba kutsokomola, petulo akachepa, kapena mitambo ikatseka njira ya ku Zomba. Linali chidikha chachitali chogwetsedwa mitengo, chosalazidwa ndi makasu a midzi isanu ndi umodzi, pakati pa mtsinje ndi njanji yopita ku Balaka. Kumapeto a kumwera anamangako kanyumba kamalata kosungiramo zipangizo, ndi nyumba yaudzu imene Blasius analowamo ndi mkazi wake Modester.

Amene anamuphunzitsa ntchito anali Sajeni Chester, mzungu wamfupi wofiira khosi, woyankhula Chinyanja chopindika chimene anatola kumigodi. Anakhala naye sabata ziwiri, akumuyendetsa pabwalo ngati ng'ombe yophunzira goli. M'mawa uliwonse aziyenda bwalo lonse, kupita ndi kubwerera, maso pansi. Chulu chikayamba kutukuka, achigumule tsiku lomwelo. Njiri zikakumba, akwirire ndi kutsendera. Ng'ombe ndi mbuzi zisapondemo. Miyala ya m'malire aziipaka njereza mwezi uliwonse. Thumba looneka ngati mwendo wa buluku, lolendewera pamlongoti, lisang'ambike, chifukwa ndilo limauza woyendetsa ndege kumene mphepo ikuchokera. Ndege ikagwa, moto wa fodya usayandikire, ndipo nkhwangwa ndi ndowa zamchenga zizikhala pakhomo nthawi zonse.

Ndiye panali nsalu ziwiri. Zinali zoyera mbee, zokhuthala, iliyonse yotalika mikono makumi awiri.

"Munthu wa m'mwamba sakumva ukakuwa," anatero Chester. "Amamva nsalu. Imodzi yokha, yoyala motsata bwalo, ikuti bwera, pansi pali bwino. Ziwiri zopingasa ngati mtanda wa kutchalitchi kwanu, zikuti pita, pano ufa. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

"Kale kunalibe zimenezi. Anthu ankangotera, ena n'kumafa. Akafa mmodzi, akuluakulu amakhala pansi, amafunsa chamupha n'chiyani, kenako amalemba lamulo. Malamulo ndakupatsawa, lililonse lili ndi manda ake."

Blasius anaikonda ntchitoyo. Inamubwezera ulemu umene bondo linamulanda. Pa chaka ndi theka panatera ndege zisanu ndi ziwiri, ina ikufuka utsi wakuda kuphiko, ndipo zonse zinanyamukanso ndi anthu ake amoyo. Chinthu chimodzi chokha chinkamudetsa nkhawa. Mbali ya kumpoto, yoyandikira mtsinje, inkasunga madzi pansi pa udzu mvula ikagwa masiku angapo. Pamwamba pankaoneka pobiriwira ndi posalala, koma chidendene chinkatitimira. Anamuuza Chester kawiri kuti pakufunika ngalande. Chester anati alembera akuluakulu. Kenako maulendo ake anayamba kutalikirana, ndipo ulendo womaliza anabwera mu June 1943.

Blasius anali ndi mlongo wake mmodzi, Sabina, wopondana naye. Nkhondo isanayambe, Sabina anakwatiwa ndi msodzi wa ku Chiuta dzina lake Abdulaziz, amene ankabwera ku Balaka kudzagulitsa makumba ouma. Analowa Chisilamu, natenga dzina la Nafisa. Banja la a Makwinja linali la Akatolika kuyambira masiku a ansembe oyamba, ndipo bambo awo anamwalira asanamutchulenso dzina mwanayo. Blasius naye, m'kutentha kwa unyamata, anamuuza pamaso pa anthu kuti, "Ukangowoloka Shire, ine ndilibe mlongo." Mawu amenewo anakamupeza ku Abisiniya ali chigonere m'chipatala, ndipo anamuwawa kuposa bondo. Koma atabwerako sanapite kukamuona. Ankati apita mawa.

Mu Okutobala chaka chomwecho, dzuwa likuswa mtengo, anaona anthu awiri akubwera m'malire mwa bwalo, mwamuna akukankha njinga, mkazi atakhala pakaliyala atazyolika. Anali atayenda masiku anayi.

"Alamu," anatero Abdulaziz atalandira mpando ndi madzi, "ndabwera ndi mlongo wanu. Chifuwa chamudya. Tinadzera kuchipatala cha mishoni, akuti tachedwa. Ndinati tibwerere kunyanja, iye wakana. Akuti akafere pakhomo pa achimwene ake."

Blasius anamuyang'ana mkaziyo. Amene ankamudziwa ali wonenepa masaya, woseka mpaka kugwira nthiti, anali atatsala mafupa okhaokha m'kansalu kakuda.

"Achimwene," anatero ndi mawu otsika, "mundithamangitsa?"

"Iyayi, Sabina. Lowa m'nyumba."

Anakhala masiku asanu ndi anayi. Modester ankamumwetsa phala ndi kumusambitsa. Blasius ankamuitana kuti Sabina, mwamuna wake kuti Nafisa, ndipo onse ankawayankha. Masana ankapempha kuti amutulutse pakhonde, nayang'ana bwalo lija ndi kufunsa ngati ndege ikatera imapuma wefuwefu ngati munthu wothamanga. Za mawu akale aja sanatchule, ndipo Blasius sanapeze poyambira. Tsiku lakhumi m'mawa, Modester akuphula phala, Sabina anatsirizika.

Abdulaziz anakwera njinga kupita kwa shehe wa mudzi wina pafupi ndi Balaka. Asilamu a kumeneko anavomera kuti amuike kumanda kwawo tsiku lomwelo, monga mwa chipembedzo chawo, makamaka poti kunkatentha kwambiri. Chinatsala ndi sanda, nsalu yoyera yokulungira mtembo. Anayenda m'masitolo onse a Amwenye. Nkhondo inali itamaliza nsalu m'dziko, anthu ena anali atabwerera kuvala nyanda ndi ziguduli, ndipo pamashelefu panalibe ngakhale kachidutswa koyera komangira bala. Anabwerako dzuwa lili paliwombo, nakhala pansi pa mlongoti wa thumba lija, manja ali m'khosi.

"Alamu," anatero Abdulaziz, Blasius atayandikira, "ndayenda Balaka yense. Mkazi wanga apite kwa Mulungu wake atakulungidwa m'chiguduli cha mchere?" Anadzutsa mutu. "Tsiku lija munkayanika nsalu za boma, ndinaziona."

"Zimene zija si nsalu wamba, alamu. Ndi pakamwa panga. Popanda zija sindingayankhule ndi a m'mwamba."

"Ndikudziwa. Sindikukukakamizani."

Blasius anapita kukanyumba kamalata. Modester anamutsatira naima pakhomo.

"Abambo, muganize bwino. Za boma zilibe maliro."

Blasius anakhala pandowa yamchenga, nsalu ziwiri zopinda zili patsogolo pake. Anaganiza kuti uno ndi Okutobala, nthaka yauma gwa ngati mwala, ndipo mvula siyamba mpaka kumapeto a Novembala. Chiyambire ntchito, mtanda anauyala m'dzinja mokha. Chester abwera posachedwa, adzamuuza pamaso, adzalandira chilango chake, ndipo adzabweretsa nsalu ina. Maganizo amenewa anali oona onse. Koma pansi pa onsewo panali chinthu china chosayankhula: anamukana mlongo wake ali moyo, ndipo sakanatha kumukananso ali chigonere m'nyumba mwake. Chibale ndi fupa, sichiola. Ananyamula nsalu imodzi naipereka kwa Abdulaziz ndi manja awiri.

Amayi achisilamu anaidula zidutswa zisanu. Madzulo a tsikulo Blasius, kolona ili m'thumba, anasenza nawo jeneza, chithatha chonyamulira maliro, mapazi angapo mpaka bondo linakana, kenako anaima kumbuyo kwa anthu akumva mapemphero a Chiarabu amene sankawadziwa. Abdulaziz anabwerera ku Chiuta patapita masiku atatu.

Chester sanabwere. Blasius anakafunsa kusiteshoni ya sitima, ndipo anthu a kumeneko anamuuza kuti Chester anamusamutsira kumpoto, wolowa m'malo mwake sanadziwike. Analemba kalata kawiri, naing'amba kawiri. Papepala nkhaniyo inkaoneka ngati ya mbala. Anati adikire munthu woti amuyang'ane m'maso.

Mvula inafulumira chaka chimenecho. Sabata yoyamba ya Novembala inagwa masiku atatu osakata. M'mawa wa tsiku lachinayi Blasius anayenda bwalo lake. Theka la kumwera linali lolimba, koma atafika kumpoto ndodo yake inalowa m'nthaka ngati m'phala. Pankafunika mtanda.

Anayala nsalu yotsalayo pamalo ake, pakati pa bwalo chakumphepete. Kenako anatulutsa mphasa zonse za m'nyumba, zinayi, nazipaka njereza yokhuthala, kawiri, naziyanika padzuwa. Zitauma anazindandalika mopingasa nsaluyo ndi kuzitsendera ndi miyala. Anakwera pachulu chakunja kwa malire nayang'ana: mtanda unali mbee, wosasiyana ndi wa kale. Mtima unakhala pansi. Iye ndi Modester anagona padothi, ndipo kwa masiku awiri nzeruyo inagwira ntchito. Ndege ina inadutsa m'mwamba, inazungulira kamodzi, nipitirira.

Tsiku lachitatu masana kunachita mdima kuchokera mbali ya ku Zomba. Mvula inakhuthuka ngati wina wagubuduza mbiya, yamphepo, yosaonetsa munthu dzanja lake lomwe. Blasius anali kumapeto a kumwera, kumene anapita kukapirikitsa ng'ombe zimene zinathyola mpanda, ndipo anabisala pansi pa mtengo wa mtondo. Mvula itayamba kupepuka anamva injini. Sinali kulira bwino. Inkalira, n'kudukiza, n'kuliranso.

Anatuluka pansi pa mtengo nayang'ana kumene kunali mtanda. Mphasa zinali zitabwerera mtundu wake wa bango lonyowa, wofanana ndi dothi. Njereza yonse inali kuyenderera m'udzu ngati madzi otsukira mpunga. Nsalu yokha ndiyo inkawala, yotsukidwa ndi mvula, mzere umodzi woyera motsata bwalo.

Anathamanga. Munthu wa bondo losweka sathamanga, amangodziponya kutsogolo. Anagwa m'matope, nadzuka, nagwanso. Anakuwa kuitana Modester kuti achotse nsalu, koma mphepo inabalalitsa mawu, ndipo Modester, atatuluka m'nyumba, anathamangira kwa iyeyo poyesa kuti wavulala. Ndege inatulukira pansi pa mitambo, yotsika kwambiri moti ankaona mitu iwiri m'kati. Anavula malaya nawakupiza pamwamba pa mutu. Woyendetsayo anapendeketsa mapiko uku ndi uku, monga ankachitira ena popereka moni kwa wosunga bwalo, nazungulira kukayamba kutera.

Inatera bwino. Inamudutsa Blasius ikuwaza madzi, matayala akugudubuzika pa nthaka yolimba, ndipo kwa kanthawi anayesa kuti iima isanafike kumpoto. Siinaime. Matayala analowa m'thope mpaka kubisika, mphuno inazika pansi, mchira unakwera pang'onopang'ono ngati munthu woimirira ndi manja, kenako ndege yonse inagwa chagada. Phokoso linatha. Kunangotsala madontho a mvula pa chitsulo.

Moto sunabuke, koma fungo la petulo linali lotseka mphuno. Blasius anatuma Modester kukatenga nkhwangwa, naletsa anthu amene anayamba kuthamangira kuchokera m'minda kuti aliyense wa kaliwo aime patali. Anatuma mwamuna wina wa njinga kusiteshoni kuti akatumize lamya ku Zomba. Anatema chitsulo chopyapyala cham'mbali natulutsa munthu woyamba, wothyoka mkono, nkhope yonse magazi, koma akupuma bwino. Woyendetsa anali lende m'malamba ake, mutu pansi, chifuwa chitaphwanyika. Anadula malambawo, amuna anayi namulandira, namugoneka pansi pa phiko pamene panali pouma.

Anali mwana. Ndevu zinali zisanayambe n'komwe kumera bwino. Ankayankhula motsitsa, magazi akutuluka pakona pa kamwa, ndipo ndi Chingerezi chochepa cha kunkhondo Blasius anamva kuti akufunsa ngati mnzake ali moyo. Anamuuza kuti ali moyo. Mnyamatayo anagwedeza mutu, nagwira dzanja la Blasius, dzanja lomwe linali loyera ndi njereza m'mizere ya chikhato. Sanalisiye mpaka anafa, wa njinga uja asanabwereko.

Patapita masiku anayi kunabwera galimoto ndi kaputeni wa imvi, wa dzanja limodzi la zipsera za moto, pamodzi ndi womasulira wake, kalaliki wa ku Zomba dzina lake Jasten. Kaputeniyo sanakalipe. Anayeza mikwasa ya matayala ndi chingwe, anabaya nthaka ndi chitsulo malo ambiri, anasuzumira m'matanki, anatola tizidutswa naika m'mabokosi. Wovulala uja anali atanena kale kuchipatala kuti injini imodzi inkazima, ndipo pansi anaona nsalu imodzi. Tsiku lachiwiri kaputeni anaima nthawi yaitali pa mphasa zija, zimene Blasius sanazichotse, nakanda ndi chala njereza yotsalira m'mipata ya bango.

Nthawi ya chakudya Jasten anamukokera Blasius kuseri kwa kanyumba.

"Achimwene, ndikuuzeni ngati mnzanu. Masana ano akufunsani za nsalu yachiwiri. Nenani kuti inadyedwa ndi chiswe, kapena akuba anathyola chitseko. Mzungu sangakumbe chulu kufunafuna nsalu. Ine ndimasulira bwino, nkhani ithera pomwepo."

"Ndi zomwe ndawauza inenso," anatero Modester, amene anabwera ndi madzi. "Wakufa wapita. Choona sichimudzutsa."

Blasius anali asanagone tulo tabwino chigwere ndegeyo. Ankaopa ndende, monga munthu aliyense. Koma chimene ankaopa kwambiri chinali chakuti akanena zoona, boma lingatume anthu kukafukula manda kuti lione katundu wake, ndi kukamanga Abdulaziz. Anapita kukakhala pamaso pa kaputeni asanadziwe chimene anene.

Kaputeni anakhala pabokosi, buku lili pamiyendo, namuuza Blasius kuti nayenso akhale. Anayankhula pang'onopang'ono, Jasten akumasulira.

"Akuti iwo si woweruza, sanabwere kudzamanga munthu. Akuti mabwalo ngati lino alipo oposa makumi awiri kuchokera kuno mpaka ku Kenya, lililonse lili ndi munthu ngati inu ndi nsalu ziwiri. Akapanda kudziwa chimene chachitika pano, chidzachitikanso kwina. Akuti amene anapaka mphasazi ankayesetsa kupulumutsa anthu, ndiye akufuna amve kwa iyeyo."

Blasius anayang'ana dzanja la zipsera lija litagwira pensulo. Anaganiza za wosunga bwalo wina, kwinakwake kumpoto, amene naye ali ndi abale, ndi masitolo opanda nsalu.

"Muwauze kuti ndinena zonse," anatero. "Koma ndipemphe chimodzi. Manda a mlongo wanga asakhudzidwe, ndipo alamu anga asawavutitse. Nsalu ndinatenga ndine, ndi manja angawa."

Jasten anamuyang'ana ngati munthu woona mnzake akulowa m'mtsinje wodzaza, koma anamasulira. Ndipo Blasius anafotokoza, kuyambira tsiku la njinga mpaka tsiku la mvula, osasiya ngakhale makalata awiri ong'ambidwa. Atamaliza, kaputeni anafunsa zina. Sajeni anabwera liti komaliza? Za ngalande munamuuza kangati? Chinthu chikawonongeka pano, mumauza yani, ndipo mawu amayenda bwanji? Njereza imatha masiku angati pamvula? Pa mafunso amenewa analemba masamba ambiri kuposa pa nsalu. Ponyamuka analonjeza kuti manda sadzakhudzidwa, ndipo lonjezo limenelo linasungidwa.

Koma pepala la kaputeni silinathere m'manja mwa kaputeni. Linakwera kwa akuluakulu, ndipo tsamba limodzi linatsikira kwa apolisi. Patatha sabata ziwiri anabwera awiri ndi unyolo. Kukhoti ku Zomba mlandu unali wakuba katundu wa boma pa nthawi ya nkhondo. Anawerenga kalata ya kaputeni yonena kuti imfayo inali ndi mizu yambiri ndipo munthuyu ndiye anathandiza kuifukula. Woweruza anamvetsera, nati chifukwa cha kalatayo achepetsa chilango. Anamupatsa chaka chimodzi chogwira ntchito yakalavulagaga.

Chifukwa cha mwendo sanamutumize kukaswa miyala. Anamuika m'gulu la akalipentala m'bwalo la ndende. Mwezi wachitatu kunabwera lole yodzaza malata ndi matabwa, pamodzi ndi zitini za penti woyera. Woyang'anira anati ndi ntchito ya a ndege: malata akhomeredwe pamatabwa, apakidwe kawiri mbali zonse, anayi anayi pa bwalo lililonse, ena awiri osungira. Lamulo latsopano linati zizindikiro za pansi zisakhalenso za nsalu. Akaidi anzake ankadandaula za fungo la penti, osadziwa kanthu. Blasius anapaka malata amenewo sabata zisanu, mosamala kuposa wina aliyense, ndipo sanauze munthu kumene lamulolo linachokera. Pambuyo pake anamva kwa mkaidi wina wa ku Balaka kuti ku Rivirivi anakumba ngalande ziwiri, ndipo mzungu ankabwera mwezi uliwonse kudzabaya nthaka ndi chitsulo.

Anatuluka kumayambiriro a 1945, mwendo utauma kwambiri ndi simenti ya m'ndende. M'nyumba ya pabwalo munali banja lina. Anakapeza Modester kwa amayi ake kwa Nsamala, atawonda, akulima yekha. Mudzi sunamulandire ndi nthungululu ulendo uno. Ana ankamuloza kuti ndi uja anapha mzungu. Kutchalitchi ena ankanong'onezana kuti Mulungu anamulanga chifukwa chosenza jeneza. Palibe anamuthamangitsa, koma akafika pamene amuna akucheza nkhani inkatha. Atapirira miyezi iwiri anauza mkazi wake kuti akupita ku Chiuta, ndipo akapeza pokhala adzamuitana.

Anayenda sabata yathunthu, akupumira m'midzi, nawoloka Shire pa Liwonde. Anapeza Abdulaziz atakwatiranso, mkazi wamng'ono dzina lake Mwajuma, ali ndi khanda kumsana. Mwajuma sankadziwa kuti mlendo wotsimphinayo ndi ndani, koma mwamuna wake atamuona anasiya ukonde umene ankasoka, naimirira, nagwira dzanja lake nthawi yaitali. Anamupatsa kanyumba kuseri kwa kwake ndi ntchito yotembenuza nsomba pathandala ndi kusoka maukonde, ntchito ya munthu wokhala pansi. Modester anabwera atakolola.

Za Rivirivi sankakambirana. Panapita chaka chathunthu. Tsiku lina masana, ali awiriwiri pansi pa chisakasa akusoka ukonde umodzi, uyu mbali iyi uyo mbali inayo, Abdulaziz anayankhula maso ali pa chingwe.

"Alamu, ndinamva zonse. Ndinafuna kupita ku Zomba kukanena kuti ndinapempha ndine. Ndinafika pa Liwonde, ndinabwerera. Ndinachita mantha."

"Mukanapita tikanamangidwa awiri. Sizikanathandiza munthu."

"Komabe." Anamanga mfundo naidula ndi mano. "Ndikufunseni. Mukanadziwa zimene zidzachitike, mukanandipatsa?"

Blasius anayang'ana kunyanja, kumene bwato lina linkalimbana ndi mabango.

"Funso limenelo ndagona nalo chaka chonse m'ndende," anatero. "Ndikati iyayi, ndimamuona Sabina. Ndikati inde, ndimamuona mwana uja. Chimene ndikudziwa n'chakuti kalata ija ndikanatumiza. Pamenepo pokha ndiye palibe chondiwiringulira."

Awiriwo anapitiriza kusoka mpaka anakumana pakati pa ukonde.

Nkhondo itatha ndege zinasiya kudutsa njira imeneyo, ndipo bwalo la Rivirivi anthu analigawana nadzalamo thonje. Blasius sanabwerereko. Chaka chilichonse, mvula yoyamba ikagwa, ankanyamula mtolo wa nsomba zouma kupita kwa wansembe amene ankayendera Akatolika ochepa a m'mbali mwa Chiuta, kukapempha Misa ya munthu wakufa. Ulendo woyamba wansembe anatulutsa kabuku nafunsa dzina la womwalirayo. Blasius anatsegula pakamwa, nazindikira kuti sakulidziwa. Kaputeni sanalitchule, kukhoti linawerengedwa mwa Chingerezi chothamanga, ndipo iye sanalimbe mtima kufunsa. Wansembe anadikira, pensulo ili m'mwamba.

"Lembani kuti mwana wa eni ake," anatero Blasius.

Anapempha Misa imeneyo kanayi. Chaka cha njala ya 1949, nyanja itaphwa ndi nsomba zitasowa, anadwala m'mimba masiku ochepa, ndipo anamwalira mvula isanagwe.